Nkhanza kwa Mwana Si Mabala Okha

Ambirife timati mwana wachitiridwa nkhanza pokhapokha tikaona zipsera pathupi pake. Ayi ndithu. Pangano la United Nations la ufulu wa ana, lomwe linavomerezedwa mu 1989, m'ndime 19 limatchulanso kuzunza maganizo, kunyalanyaza mwana, kumudyera masuku pamutu ndi kumugwiririra.

Taganizani za mwana amene tsiku ndi tsiku amauzidwa kuti, "Ndiwe chitsiru, bola ukanapanda kubadwa." Chikwapu sichinamukhudzepo, koma akangomva mapazi a kholo lake pakhomo amangoti zii, mtima ukugunda. Mantha otere akakhalitsa amalowerera. Mwana amasowa tulo, za kusukulu sizimulowa, ndipo ena amakula osakhulupirira munthu aliyense.

Kunyalanyaza nako sikuchita phokoso. Mwana watentha thupi masiku atatu, kholo lili nayo njira yomupititsira kuchipatala koma silikulabadira. Pano sitikuimba mlandu umphawi, tikunena za munthu wokhoza amene sasamala.

Wogwirira ana nthawi zambiri si mlendo wobisala kumdima. Amakhala munthu amene mwanayo amamudziwa, mwinanso kumudalira, n'chifukwa chake ana ambiri amaopa kuulula.