Kulowa m'bungwe la ogwira ntchito sikuchotsetsa munthu ntchito

Pa depoti ya Ntcheu, ngakhalenso ku Lizulu, madalaivala ndi makondakitala ena amauzana kuti ukalowa m'bungwe la ogwira ntchito, mwini basi ali ndi ufulu wokulanda makiyi tsiku lomwelo. Ndi bodza limenelo.

Gawo 31 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapatsa wogwira ntchito aliyense ufulu wolowa m'bungwe lotere, ndipo lamulo la Labour Relations Act la 1996 limaletsa bwana kuchotsa munthu ntchito pa chifukwa chimenecho. Akatero, nkhani imapita ku khothi la Industrial Relations Court. Vuto n'loti ambiri oyendetsa maminibasi amalembedwa ntchito pakamwa chabe, popanda kalata, ndiye kupereka umboni uli wekha kumavuta. Apa m'pomwe bungwe limathandiza.

Ena amasokonezanso zinthu: bungwe la Minibus Owners Association of Malawi (MOAM) ndi la eni maminibasi, osati la madalaivala.

Zoti ukanyanyala ntchito malipiro onse amabwerabe, nazonso si zoona. Kuchokera mu 2021, lamulo limalola bwana kudula malipiro sitalaka ikapitirira masiku atatu pa chaka.