Musagule thonje la kudenga pongofunsa mtengo wa mpukutu

Okutobala akangofika kuno ku Mangochi, dandaulo limakhala lomwelo: siling'i inaikidwa, thonje lotchinga kutentha linagulidwa, koma usiku anthu akugonabe pakhonde. Kukwera kudenga kukaona, cholakwika chake n'chimodzi chaka ndi chaka. Mwininyumba anafunsa mtengo wa mpukutu n'kutenga wotchipa, osafunsa kuchindikala kwake.

Thonje limeneli lili mitundu iwiri. Glass wool amapangidwa ndi mchenga ndi magalasi osungunula, rock wool ndi miyala yosungunula. Onse sayaka moto. Chimene chimatchinga kutentha ndi mpweya wotsekeredwa pakati pa ulusi wake, ndiye likachepa msinkhu, ntchito yachepanso. Papaketi pamakhala nambala ya R, yosonyeza mphamvu ya thonjelo yotchinga kutentha. Glass wool wa mamilimita 50 amakhala ndi R pafupifupi 1.25, wa mamilimita 100 pafupifupi 2.5. Tengani mtengo wa sikweya mita imodzi, mugawe ndi R. Yankho lochepa ndilo katundu wotchipa weniweni. Pansi pa malata a kunyanja kuno, chonde musatsike pansi pa mamilimita 100. Rock wool ndi wabwino, amachepetsanso phokoso la mvula, koma ndi wodula ndi wolemera, ndipo siling'i yopyapyala imatha kugwa mimba naye. Panyumba yogonamo glass wool akukwana.

Kumene ndalama zimatayika kwambiri ndi malo oika. Nyumba ya mamita 10 kwa 8 ili ndi siling'i ya masikweya mita 80. Denga lake likapendekeka madigiri 30, malata amaposa masikweya mita 92, osawerengera khonde. Ngati kudengako kulibe chipinda, yalani thonje pamwamba pa siling'i, pakati pa mapulanga. Mugula lochepa ndipo ligwira bwino.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Kalipentala amatenga thonje labwinobwino la mamilimita 100, n'kulipanikiza pakati pa lata ndi pulanga, n'kukhoma msomali. Pa pulangapo limatsala ngati chikopa, ndipo kutentha kumadutsa pomwepo. Usiku wa chisanu lata limachita thukuta kunsi, mvula ikayamba pamsomali pamadontha, thonje limamwa madzi onsewo osaonetsa. Mwini amadzazindikira siling'i itachita mabanga achikasu, pulanga litayamba kuola, chiswe chitalowa. Ndalama zonse zija n'kuzitulutsa m'matumba kukataya. Thonje lonyowa silitchinga kanthu. Ndiye musanagule mpukutu ngakhale umodzi, konzani denga. Sinthani misomali yomasuka ndi malata obooka tsopano, musadikire mvula yoyamba kuti ikuonetseni podontha.

Poyala musasiye mipata. Dulani ndi mpeni wakuthwa, mopitirirako pang'ono kuti likhale lothina pakati pa mapulanga, koma osaliponda kapena kuikapo masutikesi. Kachitseko kolowera kudenga kaikeninso kake. Mawaya a magetsi adutse pamwamba pa thonje, osakwiriridwa, chifukwa waya wokwiriridwa amatentha. Mababu olowa m'siling'i asiyireni mpata mozungulira. Ntchitoyi igwiridwe m'mamawa, masana kudenga munthu akhoza kukomoka. Wogwira avale malaya a manja aatali, magolovesi, magalasi ndi chophimba kumphuno, popeza ulusi wake umayabwa ndi kutsokomoletsa.

Mpweya wotentha wa pakati pa malata ndi siling'i uyenera kukhala ndi potulukira. Siyani mabowo m'makoma a mbali zonse ziwiri za denga, mphepo ya kunyanja izidutsa, koma muwatseke ndi waya wamaso aang'ono. Mukapanda kutero mileme ndi makoswe zisandutsa thonjelo chisa, ndipo fungo lake silichoka msanga. Pepala lonyezimira la aluminiyamu limene amaika pansi pa malata limathandiza pokhapokha mbali yake yowala ikayang'anizana ndi mpata wa mpweya wa mamilimita osachepera 25. Likagundana ndi lata kapena likadzala fumbi, mphamvu yake imatsika kwambiri, ndipo sililowa m'malo mwa thonje.

Chenjerani ndi amisiri amene akukuuzani kuti athira utuchi, mankhusu a mpunga kapena kuyala makatoni ndi zoyera zotetezera mafiriji kuti mupulumutse ndalama. Zonsezo zimayaka, ndipo zili moyandikana ndi mawaya, pamwamba pa mitu ya ana anu. Wogulitsa akabwera ndi mpukutu wopanda paketi, wopanda R, wopanda kuchindikala kolembedwa, mubwezeni nawo. Wa paketi yolembedwa muutsegule pakona, muusiye utukuke, muuyeze ndi tepi musanalipire.