Ndalama za Boma la America Zothandizira Kafukufuku wa Zipatso, Ndiwo Zamasamba ndi Nazale: Mafunso ndi Mayankho

Kodi ndondomeko imeneyi ndi yotani?

Dzina lake ndi Specialty Crop Research Initiative, mwachidule SCRI, ndipo inakhazikitsidwa ndi lamulo la zaulimi limene nyumba ya malamulo ya United States inavomereza mu 2008. Imayendetsedwa ndi NIFA, nthambi ya unduna wa zaulimi wa dzikolo, ndipo lamulo la 2014 linaiikira madola 80 miliyoni chaka chilichonse.

Ndi mbewu ziti zimene zimawerengedwa?

Zipatso, ndiwo zamasamba, mtedza wa m'mitengo monga amondi, zipatso zouma, maluwa ndi mbande za kunazale. Chimanga, tirigu, soya ndi thonje mulibemo, popeza mbewu zimenezi zakhala zikulandira thandizo lalikulu la boma kuyambira kalekale.

Kodi mlimi angapemphe ndalamazi kuti agulire feteleza kapena mbewu?

Ayi. Ndalamazi ndi zolipirira kafukufuku ndi ulangizi, ndipo kawirikawiri amene amazilandira ndi mayunivesite ndi malo ofufuzira zaulimi, amene amapikisana polemba zimene akufuna kuchita. Ntchito zovomerezeka ndi monga kupanga mitundu yatsopano ya mbewu, kulimbana ndi tizilombo ndi matenda, kuteteza njuchi zonyamula mungu, kupanga makina okololera, komanso kupewa majeremusi oipitsa chakudya.

Nanga mlimi mawu ake amamveka pati?

Apa ndiye pagona ubwino wa ndondomekoyi. Pempho lisanafike kwa akatswiri a sayansi, limayamba launikidwa ndi alimi pamodzi ndi anthu ena a malonda a mbewuzo, amene amaona ngati ntchitoyo ikuyankha vuto lenileni la kumunda. Amene adutsa pamenepa ndi okhawo amaitanidwa kuti alembe pempho lathunthu. Dongosolo limeneli ndi loyenera kuliyamikira, chifukwa munthu amene waona mabulosi ake akufewa ndi mphutsi kutatsala masiku ochepa kuti athyole amadziwa chimene chikufunika msanga kuposa amene amangowerenga malipoti mu ofesi.

Pali vuto limene linalandira chidwi chapadera?

Lilipo. Matenda a malalanje otchedwa huanglongbing, amene anapezeka m'chigawo cha Florida ku America mu 2005, amafalitsidwa ndi kachilombo kakang'ono koyamwa timadzi ta m'masamba anthete a malalanje. Masamba amachita mawanga achikasu, chipatso chimakula chopendekera, chimawawa, ndipo chimayoyoka chisanapse bwino, mpaka mtengo wonse umafooka. Poona kuti minda yambiri ikuwonongeka, lamulo la 2014 linapatula madola 25 miliyoni pachaka mwa ndalama zija kuti zipite ku matenda a malalanje okha, ndipo lamulo la 2018 linawakhazikitsira thumba lawolawo. Mankhwala ochiziratu matendawa sanapezeke, choncho ofufuza ambiri akulimbikira kupeza mitengo yopirira.