Makapisozi si mankhwala a chifuwa chilichonse

"Ndamwa kale amokisilini wa pagolosale, ndamwanso bakitirimu, koma chifuwa sichikusintha. Mundipatse amphamvu." Tsiku silipita osamva mawu amenewa kwa odwala kuchipatala. Ndikafunsa kuti chifuwacho chinayamba liti, wina amati dzana, wina amati miyezi itatu yapitayo. Wa dzanayo sankafunika makapisozi n'komwe. Wa miyezi itatuyo akanayenera kupereka makhololo kalekale. Onse awiri makapisozi awapweteka, aliyense mwa njira yake.

Mabuku akale ankanena kuti m'mapapo a munthu wathanzi mulibe kachilombo ngakhale kamodzi. Cha m'ma 2010, ofufuza atayamba kuzindikira mabakiteriya pogwiritsa ntchito DNA, anapeza kuti alimo ndithu: Prevotella, Veillonella, Streptococcus ndi ena. Ambiri amachokera m'kamwa. Tikagona, timadontho ta malovu timatsetserekera m'njira ya mpweya, ndipo zimenezi zimachitikira aliyense. Timatsitsi ta m'njiramo timawakankhira kumtunda, ena timawatsokomola, ena amadyedwa ndi maselo achitetezo. Ochepa amene amapezekamo nthawi iliyonse amathandiza chitetezo cha m'mapapo kukhala tcheru popanda kulusa. Matenda amabwera mtundu umodzi ukachulukana n'kupondereza ena onse.

Ngakhale pneumococcus, kachilombo kamene kamayambitsa chibayo chochuluka, nthawi zambiri sikachokera kutali. Katemera wake wa PCV13 anayamba kuperekedwa kwa ana m'Malawi mu 2011 ndipo wapulumutsa ambiri, komabe kafukufuku wa ku Blantyre wasonyeza kuti ana ochuluka amakhala nako m'mphuno ali bwinobwino, akusewera. Kamadikira mpata: chimfine chikakanda njira za mpweya, mwana akanyentchera, HIV ikafooketsa thupi, kapena utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera ukalemetsa maselo achitetezo aja ndi mwaye.

Gawo limene anthu amadabwa nalo ndi la m'mimba. Mabakiteriya a m'matumbo amagaya zotsalira za nyemba, nandolo, mgaiwa, bonongwe ndi chisoso zimene ife sititha kugaya, n'kutulutsa timichere timene timalowa m'magazi. Mu 2014 ofufuza a ku Lausanne, ku Switzerland, anaonetsa pa mbewa kuti timichere timeneti timafika mpaka m'mafupa, kumene maselo achitetezo amapangidwa, n'kuchepetsa kutupa kwa m'mapapo kofanana ndi kwa mphumu. Ku Canada, mu 2015, anapeza kuti makanda amene anali ndi mitundu ina inayi ya mabakiteriya yochepa m'matumbo ali ndi miyezi itatu anali pa chiopsezo chachikulu cha mphumu atakulako. Munthu si mbewa, ndikudziwa. Koma zandikwanira kuti mtima uzindiwawa ndikaona khanda la miyezi iwiri litamwetsedwa kale sirapu ya amokisilini yotsala kwa mkulu wake chifukwa cha mamina.

Kapisozi sasankha: amapha mabakiteriya oipa ndi abwino omwe. Kumwa maantibayotiki pa chimfine kuli ngati kutentha tchire lonse pofuna mbewa, chonsecho mbewayo mulibemo, poti chimfine ndi vairasi ndipo amokisilini savulaza vairasi. Zimene zimayamba kumera pa lupsa ndi zimene simunazifune: kutsekula m'mimba, zoyera za m'kamwa, ndi mabakiteriya amene aphunzira kusamva mankhwala. Ndipo chonde, makhololo achikasu kapena obiriwira si umboni wakuti mukufunika makapisozi. Mtunduwo umachokera ku maselo anu omwe amene akumenya nkhondo.

Tsopano za cipro. Awa ndiye amandisowetsa tulo. Ciprofloxacin ndi mankhwala ena a banja lake amapha pang'ono tizilombo ta chifuwa chachikulu. Pang'ono pokha, koma mokwanira kunamiza munthu. Bambo wina wa kabaza, wazaka za m'ma 30, ankagula cipro chifuwa chikamuvuta. Akamwa, thukuta la usiku linkachepa, n'kubwerera pa siteji. Pakapita milungu ingapo chinkayambiranso, n'kukagulanso. Anabwera kuchipatala atayamba kulavula magazi, thalauza atalimanga ndi chingwe. Makina oyezera makhololo otchedwa GeneXpert anapeza TB. Anamwa mankhwala ake miyezi 6 osadumphitsa, anachira, tinasangalala. Koma TB imene yakhalitsa imaboola mapapo, ndipo iye inamusiyira mphako kumtunda kwa phapo lakumanja. Mphako yotere nthawi zina sitsekeka. Mulibe timatsitsi tosesa, magazi onyamula chitetezo safikamo bwino. Nkhungu yotchedwa Aspergillus, imene tonsefe timapuma tsiku lililonse kuchokera m'fumbi ndi m'chimanga chofuka popanda vuto, inapeza pokhala n'kuundana. Chaka chisanathe anabweranso akulavula magazi, makhololo osaonetsa TB. Kwawo anati walodzedwa. Mankhwala a nkhungu imeneyi amamwedwa miyezi yambiri, ndi odula, ndipo sapezeka paliponse. Njinga anagulitsa. Chimene chimandipweteka n'chakuti kuyeza makhololo ndi kwaulere m'zipatala za boma, mankhwala a TB ndi aulere, ndipo ndalama zimene anawononga pa cipro zinangomugulira miyezi yoti matendawo adye phapo mwakachetechete, uku akugona chipinda chimodzi ndi ana ake.

Nkhani ya mabakiteriya abwinoyi yafikanso kwa amalonda, monga mwa nthawi zonse. Pa WhatsApp pakuyenda mabotolo "otsuka mapapo" ndi maufa "obwezeretsa tizilombo tabwino", ena amtengo woposa thumba la chimanga. Mapapo satsukidwa ndi chakumwa. Chimene mwameza chimapita m'mimba. Palibe botolo limene limachiza TB, chibayo kapena mphumu, ndipo amene akukuuzani kuti musiye inhela chifukwa mwayamba ufa wake akusewera ndi moyo wanu. Chambiko ndi thobwa imwani, ndi chakudya chabwino, koma ndi chakudya basi. Ngati mukufuna kusamalira tizilombo tanu, yamwitsani mwana bere lokha miyezi 6, idyani nyemba ndi ndiwo zamasamba, phikirani pamalo popita mphepo. Agogo amene ali chigonere, makamaka amene anafa ziwalo ndipo amatsamwa akamadya, atsukeni m'kamwa tsiku lililonse. Ku Japan, m'nyumba zosungira okalamba, kutsuka m'kamwa kokhako kunachepetsa chibayo.

Musandimve molakwa n'kusiya bakitirimu amene mumalandira ku ART. Ameneyo ali ndi ntchito yake, amakutetezani ku chibayo choopsa, malungo ndi matenda ena. Pitirizani mpaka a chipatala atakuuzani okha.

Chifuwa chikafika milungu iwiri, pitani mukapereke makhololo, ndipo mukanene mankhwala onse amene mwamwa, musabise cipro poopa kukalipiridwa. Ngati muli ndi HIV musadikire milungu iwiriyo. Magazi m'makhololo, kuonda, thukuta lonyowetsa zofunda, pitani msanga. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi, wa chaka chimodzi mpaka zisanu ka 40, kapena pansi pa nthiti pakamalowa m'kati akamakoka mpweya, nyamukani tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Ameneyo ndiye angafunikedi amokisilini, pa mlingo wa sikelo yake, ndipo mwina afunikanso okosijeni amene pagolosale palibe.