Kauniuni ndi maginito a dziko: zomwe ndege zija zinkasaka

Amene munali kuno ku Zomba cha m'ma 2013 ndi 2014 mukukumbukira kandege kaja kankauluka motsika kwambiri, kupita uku kubwerera uku molunjika ngati kakutsata chingwe, anthu mpaka kumati azungu abwera kudzaba miyala. Inali Kauniuni imeneyo, kafukufuku wa miyala ya m'nthaka yemwe boma linapanga ndi thandizo la World Bank ndi European Union, ndege zake zinali za kampani ya ku Canada ya Sander Geophysics, ndipo zotsatira anazitulutsa mu 2015. Sikanali koyamba, kafukufuku wina wa ndege anachitikapo mu 1984 ndi 1985. Mamapu akewo kwawo ndi ku Geological Survey, nthambi ya boma yofufuza za miyala, konkuno.

Koma ndegeyo sinkaona golide pansi ayi. Chimodzi mwa zomwe inkayeza ndi mphamvu ya maginito, ndiye apa mpomwe pali nkhani. Pafupifupi mphamvu yonseyo siichokera ku miyala ya pa Zomba Plateau kapena pa chilumba cha Chilwa, imachokera pansi penipeni makilomita 2,900, komwe chitsulo ndi chosungunuka ndipo chimangotakasika osapuma. Kuno kwathu imaposa ma nanotesla (muyezo wa mphamvu ya maginito) 30,000 pang'ono, pomwe ya miyala nthawi zambiri ndi mahandiredi chabe. Zili ngati ukufuna kumva kulira kwa mwanapiye chigayo chikubangula, uyenera kudziwa bwinobwino phokoso la chigayocho kuti ulichotse, chotsalacho ndiye cha miyala.

Kudziwa phokosolo kwatenga zaka zambirimbiri. Carl Friedrich Gauss wa ku Germany ndi amene m'ma 1830 anapeza masamu ofotokozera maginito a dziko lonse, masamu omwewo akugwirabe ntchito lero. Vuto linali miyeso. Malo oyezera anali ochuluka ku Ulaya, kuno kumwera kwa Africa ochepa kwambiri, odziwika ndi ngati a ku Hermanus ku South Africa, pa nyanja zikuluzikulu ndiye anali apo ndi apo pa zilumba basi. Kenako zinabwera ma setilaiti: Magsat ya NASA mu 1979 yomwe sinathe ndi chaka chomwe, Ørsted ya Denmark mu 1999, CHAMP ya Germany kuyambira 2000 mpaka 2010. Pa 22 November 2013, nyengo yomweyo ya Kauniuni, bungwe la European Space Agency linaponya Swarm, ma setilaiti atatu Alpha, Bravo ndi Charlie, awiri amayenda moyandikana winayo pamwambako pang'ono, cholinga asiyanitse mphamvu yochokera pansi ndi ija yochokera kumwamba chifukwa cha dzuwa.

Miyeso imeneyi ndi yomwe imapanga IGRF, chithunzi cha masamu cha maginito a dziko lonse chomwe akatswiri a miyala amachotsera pa zomwe ndege yayeza. Amachikonzanso zaka zisanu zilizonse poti maginitowa sakhala malo amodzi. Nsonga yakumpoto ya maginitowa yakhala ikuchoka ku Canada kulowera ku Siberia, nthawi ina pa liwiro loposa makilomita 50 pa chaka, moti mu 2019 a bungwe la ku America la NOAA ndi British Geological Survey anachita kukonza World Magnetic Model, chithunzi china chonga IGRF, nthawi isanakwane. Imeneyi ndi yomwe kampasi ya mufoni mwanumo imadalira, ija imakulozerani kumpoto mukatsegula mapu. Kampasi wamba mukaiika pa tebulo ku Chinamwali siiloza kumpoto kwenikweni, imapendekera kumadzulo pang'ono, ndipo kupendekerako kumasintha chaka ndi chaka.

Ine chimandiwawa n'choti tikamakangana za miyala ya ku Kangankunde kapena Songwe Hill timangothamangira za malayisensi ndi ndani adya, koma za kuwerenga mamapuwo sitikambako. Miyeso ya Swarm ndi yaulere pa intaneti, IGRF nayonso yaulere, yaposachedwa inatuluka kumapeto kwa 2024 ndipo igwira mpaka 2030. Mwana wa physics pa Chanco ali ndi laputopu ndi bando atha kuzitsitsa lero lomwe n'kuwerengera yekha kuti maginito a pa Zomba asintha bwanji chichokereni kandege kaja.