Fungo si muyeso wa kuopsa kwa mankhwala

Kwa zaka zambiri m'magalaja ndi mopopera penti kuno ku Dedza mwakhala mukumveka zoti mankhwala osanunkha savulaza. Si zoona.

Mpweya wa carbon monoxide, wochokera mu injini kapena pa mbaula m'chipinda chotseka nthawi yozizira, ulibe fungo, koma umapha. Komanso mphuno imazolowera msanga fungo la thina, mankhwala osungunulira penti.

Akatswiri amayeza kuchuluka kwa mankhwala mumpweya ndi makina, n'kuyerekeza ndi malire oikika: avareji ya maola 8, ndiponso malire ena a mphindi 15. Kusapyola malirewo sikuteteza anthu onse ayi. Wamphumu amabanika msanga.

Pemphani kwa wogulitsa chikalata cha chitetezo cha mankhwalawo, malire amalembedwa pa gawo 8. Zomwe simunatsimikize, chonde musazifalitse kwa anzanu.