Timer sidziwa ludzu la matimati anu

Anthu odzala matimati m'zidebe pakhonde amandifunsa kawirikawiri chifukwa chimene zipatso zimadera kunsi ngati zawauka ndi moto. Ambiri amabwera atagula kale mankhwala opopera. Pepani, amenewo si matenda. Chipatsocho chasowa calcium, chimodzi mwa zakudya zimene mbewu imatenga m'dothi, ndipo nthawi zambiri m'dothimo calcium alimo ndithu. Chasowa ndi madzi oti amunyamule kuchokera ku mizu. Dothi la m'chidebe ndi lochepa. Lero lauma gwa, mawa mwakhuthuliramo ndowa yathunthu, mkuja laumanso. Kusinthasintha komweku ndi kumene kumang'ambanso khungu la matimati akayamba kupsa.

Apa ndi pamene kuthirira modontheza kumathandiza. Pampopi mumamangapo timer ya mabatire (chipangizo chotsegula ndi kutseka madzi pa nthawi imene mwatchera), paipi imadutsa m'mbali mwa zidebe, ndipo chidebe chilichonse chimakhala ndi kakamwa kake kodontheza patsinde. Masamba sanyowa, choncho chiwawu sichifala msanga.

Chidebe chikhale cha malita 20, choboola pansi. Mtengo umodzi wa matimati wobereka, m'dzuwa la Okutobala, umatha malita 2 kapena 3 patsiku. Ngati kakamwa kamatulutsa malita 2 pa ola, tcherani mphindi 40 m'mamawa ndi zina 30 masana. Koma musangokhulupirira zolembedwa papaketi. Tengani botolo la 500 ml, lowetsanimo kakamwako, muyang'ane wotchi: pakutha mphindi 15 lidzaze. Yesani pachidebe choyamba ndi chomalizira, chifukwa chakumapeto kwa paipi ndicho chimamanidwa. Timadzi pang'ono tikamatuluka pansi pa chidebe, musadandaule ndi bilu. Timadzito tikutsuka mchere wa feteleza umene ukanaunjikana ku mizu.

Kumene madzi a m'mipopi amasiyasiya, anthu amaika mgolo wa malita 200 pamwamba pa njerwa. Kwa zidebe 10, umenewo ndi wa sabata yathunthu. Msampha uli apa: mgolo wokwera mita imodzi umapereka mphamvu ya madzi yochepa kwambiri, ya 0.1 bar basi, pomwe ma timer ambiri anapangidwira mphamvu ya pampopi. Nthawi ikakwana, timer imamveka kuti yatsegula, koma madzi osadutsa. Pogula, funsani ya ball valve, yogwira ndi madzi a m'thanki. Mgolowo muuvindikire ndipo usakhale wolowa kuwala, apo ayi ndere zidzatseka timabowo. Sefa musaiwale. Madzi a pamjigo akakhala a mchere amasiya zoyera pa kakamwa kodontheza. Kukaviika m'viniga usiku umodzi kumachotsa.

Chimene ndimalimbana nacho kwambiri ndi anthu amene amatchera timer kamodzi n'kuiwalako. Chipangizochi chimangowerenga mphindi. Sichidziwa kuti mu Juni kukuzizira ndipo mbewu ikumwa pang'ono, kapena kuti mbande ya masabata awiri si yofanana ndi mtengo wodzaza zipatso. Mvula ikagwa usiku wonse, icho m'mawa chithirabe, mizu n'kuyamba kuwola. Nyengo ya dzinja chizimitseni ngati zidebe zili pamtetete.

Ine pamasiku awiri alionse ndimayenda m'zidebe zanga ndi kulowetsa chala m'dothi mpaka chimire theka. Chikatuluka chouma pachidebe chimodzi chokha, sindikhudza timer. Ndimazula kakamwa ka pamenepo n'kukapemerera.